Galu wake wafa, inu museka ciani?

Mwezi watha mng'ono wanga wa zaka 14 anauka m'mawa n'kupeza galu wake atauma pa geti, thovu lili kukamwa. Wina anamuponyela nyama ya poizoni usiku. Galuyo anali Danger, dzina lalikulu pa galu amene anali kuthawa ngakhale tambala. Mnyamatayu anamutola mu ngalande akali kamwana, n'kumulela na mkute wa nsima na mitu ya nsomba kwa zaka 5. Akakomboka ku sukulu, Danger ndiye anali kumucingamila pa kona. Amayi na atate akayambana usiku, iye anali kukhala panja na galu wake mpaka m'nyumba mutakhala bata.

Atamuona galuyo, anagwada n'kuyamba kulila. Amalume anatuluka na mswaci kukamwa, amvekele: "Iwe, ulila galu? Nanga amako akadzafa udzacita bwanji?" Amayi ena pa pompi anafunsa ngati tifunika tenti na nkhuni, anzawo n'kufa nazo nseko. Mnyamata anapukuta misozi, anaika galu m'saka, anabweleka wilibala, n'kukamukwilila yekha. Masiku awili sanadye. Tsiku limenelo anaphunzila cinthu cimodzi: ukapwetekedwa mtima pa nyumba pano, bisa. Ndipo ine mkulu wake n'nali pomwepo, cete. Manyazi amenewo ndiwo anilembetsa nkhani ino.

Ku Britain kuli bungwe la Blue Cross, limene linayamba mu 1897 posamalila mahachi okoka ngolo m'misewu ya London. Kucokela mu 1994 lili na nchito yotonthoza anthu amene ciweto cawo cafa, cabedwa, casowa, kapena amene akakamizika kusiyana naco. Munthu amatuma foni kapena kulemba uthenga, osalipila ngakhale ngwee, ndipo amamuyankha ni anthu odzipeleka amene anayamba aphunzitsidwa. Bungweli limaphunzitsanso anchito a m'zipatala za ziweto mokambila na mwini ciweto. Ku America, yunivesiti ya California ku Davis inatsegula foni ya conco mu 1989, ndipo oyankha anali ophunzila udokotala wa ziweto.

N'tawasimbila zimenezi anzanga pa shopu yogelela tsitsi, anaseka mpaka wogela anaimitsa mashini. "Azungu akhuta," anatelo wina. "Kosi yolila galu!" Nseko zake zinali zimodzimodzi na za amayi a pa pompi aja. Ine nikuti osekawo ndiwo afunika kosi imeneyo kuposa wina aliyense.

Kodi amaphunzila ciani kwenikweni? Amaphunzila kukhala cete kuti munthu akambe. Amaphunzila kufunsa dzina la ciweto na kulichula, cifukwa wolila salila "galu", alila Danger. Amaphunzila kuti mawu akuti "udzapeza wina" amabaya, monga mmene angabayile mayi amene wataya khanda ukamuuza kuti adzabala wina. Amaphunzila za kudziimba mlandu, kumene kumavutitsa ambili: amene anasiya geti yotsegula galu n'kugundidwa na motoka, amene anacedwa kupita naye kwa dokotala, amene anavomela yekha kuti galu wodwala amulase nyeleti yomupumitsa. Amaphunzila kuuza mwana zoona. Ukamunamiza kuti pusi wathawa, mwana amakhala pa khomo kuyembekezela. Ukamuuza kuti wagona, angayambe kuopa tulo. Amaphunzilanso kuzindikila pamene cisoni cakula kwambili, munthu waleka kudya kapena wayamba kukamba zodzipha, kuti amutumize kwa akatswili. Niuzeni, pa zonsezi coseketsa n'citi?

Katswili wina wa ku America, Kenneth Doka, mu 1989 anapatsa dzina cisoni ca mtundu uwu. Anacicha disenfranchised grief, cisoni cimene anthu amakumana ufulu wocilila. Sicikhudza ziweto cabe. Ni cisoni ca mtsikana amene wapita padela pa mimba imene makolo sanali kuidziwa. Ni ca mnyamata amene cisumbali cake camwalila, koma pa malilo aima kumbuyo monga wodutsa. Ni ca banja limene mwana wadzipha, aneba n'kumanong'onezana. Komboni yathu ni yodzala na malilo opanda tenti. Timanyadila kuti malilo n'kulilana, ndipo n'zoona, pa malilo ovomelezeka timagona panja, timasonkha, timaphika. Koma ndani anatipatsa mphamvu yosankha misozi yoyenela na yosayenela?

Nimumva kale wina akuti: iwe, mu January 2024 Heroes Stadium inasanduka cipatala ca kolela, anthu agona na njala, acicepele alibe nchito, ndiye ubwela na nkhani ya galu? Funso limeneli lili na nzelu, ndipo siniliseka. Koma limaganiza kuti cifundo cili monga unga m'thumba, ukapimako wa galu ndiye kuti wa munthu wacepa. Yang'anani bwino anthu amene mukhala nawo. Amalume amene ananyoza mwana wolila galu ndiwo amauzanso wamasiye kuti "limba mtima, ndiwe mwamuna" bokosi lisanatsike n'komwe m'manda. Sanasunge cifundo cawo kuti akacigwilitse nchito pa munthu. Sadziwa cabe mokhalila pafupi na wolila. Ndipo wolila galu ni munthu. Amene tim'tonthoza si Danger, iye zake zinatha. Ni mwana wa zaka 14 amene mawa adzakumana na imfa zikulu-zikulu, atazolowela kale kuti kulila n'kocititsa manyazi.

Pali zina za kunja zimene ine sinizifuna. Ku Hartsdale, pafupi na New York, kuli manda a ziweto kucokela mu 1896, ndipo masiku ano m'maiko olemela muli malonda a mabokosi, miyala ya pa manda na kutentha mitembo ya agalu. Zimenezo asunge okha. Munthu amene alephela kulipila lendi asatengele nkhongole bokosi la pusi. Koma kumvetsela sikugulidwa na dola. Mlendo ndiye abwela na kalumo kakuthwa: tenga kalumoko, cikwama umusiyile.

Ngati muganiza kuti kuphunzitsa munthu wamba kumvetsela ni za azungu, wolokani Zambezi. Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ca m'ma 2006 ku Mbare, komboni yofanana na zathu. Anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi kunja kwa kiliniki n'kumvetsela anthu ovutika maganizo. Mu 2016 magazini ya zacipatala ya JAMA inafalitsa zofufuza zoonetsa kuti njilayi imathandizadi. Agogowo samvetsela za ziweto, koma phunzilo ni limodzi: munthu wamba akaphunzitsidwa pang'ono, makutu ake amakhala mankhwala. Amene amati "ife tidziwa kale kutonthoza" afotokoze cifukwa cake agogo, akatswili a malilo, anafunikabe kuphunzila.

Ndipo tileke bodza lakuti munthu wakuda sakonda ciweto. Agogo anga aamuna kum'mawa anali mlenje. Anali na galu dzina lake Mudzalema, dzina limene linali uthenga kwa aneba amisece. Nguluwe itamung'amba pamimba galuyo, agogo anamunyamula pa phewa kucoka kuthengo, anamuika pansi pa mtengo, ndipo caka cimeneco sanapitenso kosaka. Palibe anawafunsa za tenti. Ngakhale muno m'tauni, kwelani pa mtenje muone anyamata osunga nkhunda, mmene amadziwila iliyonse na mawanga ake, mmene amakhalila wina akawabela kapena pusi akalowa m'khola. Onani agogo aakazi okhala okha, ana onse ali ku Joni kapena ku migodi, amene amakamba na pusi wawo madzulo. Onani banja limene lasamukila pa nyumba ina, landilodi n'kukana galu. Cikondi cilipo. Cimene tinaonjezela ife ni citonzo.

Citonzoco cili na mtengo wake. Bungwe la WHO limati ciwewe cimapha anthu pafupifupi 59,000 caka ciliconse, ambili mu Africa na Asia, ndipo pafupifupi onsewo amacitenga kwa agalu. Njila yocithetsela ni kutemela agalu 70 pa 100 alionse. Lomba ganizani: ndani amanyamula galu kupita naye ku katemela pa 28 September, tsiku lokumbukila ciwewe, kapena tsiku lina lililonse? Ni mwana uja amene amamukonda. Ni mng'ono wanga, amene anasunga khadi la katemela la Danger m'buku la masamu. Ukaphunzitsa mwana kuti galu ni cinthu cabe cosayenela msozi, usadabwe akakula n'kumasiya agalu ake ayende-yende osatemela, osadya, oluma ana a eni ake.

Conco nipempha zinthu zocepa. Ophunzila udokotala wa ziweto ku Samora Machel School of Veterinary Medicine pa UNZA, na onse olasa katemela m'makomboni, aziphunzila mokambila na mwini ciweto cimene cafa kapena cimene sicingacile. Iwo ndiwo amakhalapo pa nthawi yowawa. Aphunzitsi opeleka uphungu m'masukulu na atsogoleli a acicepele m'machalichi aikeko nkhaniyi pa maphunzilo awo, cifukwa kwa ana ambili imfa yoyamba kuiona na maso ni ya ciweto. Mwana amene alibe womumvela kunyumba adziwe kuti nambala ya Childline, 116, ni yaulele, ndipo cisoni cake si cocepa kuti n'kulephela kutuma.

Kwa iwe na ine, kosi iyambile apa. Mnzako akakuuza kuti galu wake wafa, meza nthabwala imene yafika pakamwa. Mufunse dzina la galuyo. Mufunse anamupeza bwanji. Ngati afuna kukumba, gwila khasu. Ngati ni mwana, muuze zoona, umulole aike mwala kapena abyale mtengo pamalopo. Usamugulile kagalu kena mawa lake monga ubweza ndowa yosweka. Adzakamba yekha akakonzeka.

Ine n'nacedwa na mlungu wathunthu. N'namupeza mng'ono wanga kuseli kwa nyumba, atagwila cheni ca Danger. N'nakhala pansi pambali pake n'kunena kuti, "Niuzeko za tsiku lija unamutola mu ngalande." Ananiyang'ana nthawi yaitali kuti aone ngati nimuseka. Ndiyeno anakamba, ola lathunthu, kuphatikizapo zina zokhudza nyumba yathu zimene sin'nali kudziwa kuti zimamudya mumtima. Amalume anadutsa, anatiyang'ana, anatsegula pakamwa. Ulendo uno ine ndiye n'nayamba kukamba: "Amalume, tili pa malilo."