MALOVU A MUNTHU MMODZI, CINSINSI CA BANJA LONSE

Akulu akale anati cibale ndi fupa, siciola. Akatswiri a sayansi avomereza mau amenewa, pakuti m'malovu ndi m'magazi a munthu ali yense muli cizindikiro ca cibadwa cace cochedwa DNA. Cizindikiro cimeneci cimaulula makolo amene munthu anacokerako, abale ace enieni, ndiponso matenda ena amene angamgwire m'tsogolo.

Ku America kuli makampani amene asandutsa nzeru imeneyi malonda. Munthu amalavulira m'kabotolo, natumiza pa positi, ndipo patapita masabata ocepa amauzidwa za mtundu wace. Imodzi mwa makampaniwa ndi 23andMe, imene inayamba mu 2006 ku California, nisonkhanitsa DNA ya anthu pafupifupi 15 miliyoni.

Zimene zinagwera kampani imeneyi ndi phunziro lalikulu. M'caka ca 2023 mbala za pa intaneti zinalowa m'makaunti okwana ngati 14,000 okha. Koma popeza kampaniyo imalumikiza munthu ndi abale ace, mbalazo zinaturuka ndi mbiri ya anthu 6.9 miliyoni. Khomo limodzi losatsekedwa bwino linavula mudzi wonse. Cifukwa ca kusasamala kumeneku, ofesi yoteteza zinsinsi za anthu ku Britain inalipiritsa kampaniyo mapaundi 2.31 miliyoni mu 2025.

M'mwezi wa March caka comweco, 23andMe inapita kukhoti kukanena kuti yalephera kubweza ngongole zace. Pamenepo DNA ya anthu inawerengedwa pamodzi ndi katundu wina wogulitsa. Mkulu wa zamalamulo m'boma la California, a Rob Bonta, anacenjeza anthu kuti ali ndi ufulu wouza kampaniyo kufafaniza mbiri yao ndi kutaya malovu ao. Potsiriza kampaniyo inagulidwa pa madola 305 miliyoni ndi bungwe la mai Anne Wojcicki, mmodzi wa amene anaiyambitsa. Eni ace malovuwo anangoonerera.

Ena adzati nzeru imeneyi ili ndi ubwino, ndipo sanama. Mu 2018 apolisi a ku California anagwira Joseph DeAngelo, amene anapha anthu ambiri m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, potsata DNA imene abale ace akutali anaika pa GEDmatch. Cigawenga cinagwidwa, ndipo nkwabwino. Komatu nkhani yomweyi ionetsa kuti munthu amene sanalavulirepo m'kabotolo angapezedwe kupyolera mwa msuweni wace. Wopereka malovu aperekera pamodzi amace, ana ace, ngakhale adzukulu osabadwa, onsewo osafunsidwa.

Malamulo a ku America ali ndi mipata. Lamulo la 1996 losunga zinsinsi za odwala limanga zipatala ndi madokotala, koma silifika pa makampani otere. Lamulo la 2008 liletsa olemba nchito ndi a inshuwalansi ya matenda kusala munthu cifukwa ca DNA yace, koma silinena kanthu za inshuwalansi ya moyo.

Mlimi wa ku Katete kapena ku Petauke angayese kuti izi nzakutali. Si conco ai. Mabanja ambiri ali ndi ana ku Britain ndi ku America kumene timabotolo timeneti tigulidwa mosabvuta, ndipo mwana akatumiza malovu ace, cibadwa ca makolo ace kumudzi calowa kale m'kompyuta ya alendo.

Dziko la Zambia lili nalo lamulo loteteza mbiri ya anthu la 2021, limene liika DNA m'gulu la zinsinsi zofunika cisamaliro capadera. Lilinso ndi lamulo la 2013 loyang'anira kafukufuku wa zaumoyo, limene liletsa kuturutsa magazi a anthu kunja kwa dziko popanda cilolezo. Maziko alipo, cotsala ndi kumangapo. Boma liyenera kulamula kuti kampani iri yonse yotere ifotokoze m'cilankhulo ca anthu kumene malovu apita, ndi kuti ikagwa kapena kugulitsidwa, mwini ali yense ayambe wafunsidwa.

Mafumu ndi nduna zao nawonso ali ndi udindo. Mlendo akadza m'mudzi kufuna magazi kapena malovu, aonetse kalata ya Boma, anene colinga cace, ndipo wokana asakakamizidwe. Cakudza siciimba ng'oma. Ng'ombe ikabedwa igulidwa ina, koma cibadwa ca munthu cikaululika cilibe cosinthana naco.