Mwana Akagwira Kamera, Musamukalipire



Sabata yatha pamsonkhano wa gulu lathu, mayi wina anabwera ndi dandaulo. Mwana wawo wamkazi, amene anamaliza Folomu 4, masiku ano sakhazikika pakhomo. Amabwereka foni ya mlongo wake nakajambula agogo ake akupuntha mpunga ku Bwanje, kapena amayi ogulitsa usipa pamsika wa Golomoti, ati akupanga filimu yaifupi yoti aitumize kumpikisano. Mayiwo anafunsa kuti, "Kodi kumeneku si kutaya nthawi?" Ine ndinawayankha kuti iyayi, ndipo lero ndafuna kukufotokozerani nonse chifukwa chake.

Dera lathu lino la Inkosi Kachindamoto si lachilendo kwa ojambula. Ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni m'chaka cha 1976, alendo amafikako ndi makamera kudzaona zosema ndi magule. Gule wamkulu anatchuka koposa pamene bungwe la UNESCO linamuika m'gulu la chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2005. Nawonso malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, pamene ankathetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera kusukulu, atolankhani a maiko akutali anabwera kudzawajambula. Zonsezi n'zokoma. Koma taonani, wogwira kamera amakhala yani? Chaka china alendo anatijambula ife pamjigo tsiku lathunthu, natilonjeza kuti tidzadzionera tokha. Mpaka lero kuli zii. Akulu anati mlendo ndi mame. Iye amaona mtsuko uli pamutu, koma sadziwa chimene chadzutsa mayiyo tambala woyamba asanalire. Wodziwa zimenezo ndi mwana wathu.

Tsono filimu yaifupi n'chiyani? Ndi kanema wa mphindi 5, 10 kapena 20, wosimba nkhani imodzi yokha. Mabungwe ambiri amati isapitirire mphindi 40. Woipanga amadziimira payekha, popanda kampani yomulipira, ndipo ambiri amayamba ndi foni basi. Ikatha amaitumiza ku zikondwerero za mafilimu, kumene akatswiri amasankha zabwino, naziwonetsa kwa anthu, napereka mphotho. Ku Zanzibar chikondwerero chotere chimachitika chaka ndi chaka. Ku Ouagadougou m'dziko la Burkina Faso kuli china chachikulu chotchedwa FESPACO, chimene chinayamba mu 1969 ndipo chimachitika kamodzi pa zaka ziwiri. Konseku mafilimu aafupi ali ndi gawo lawolawo. Ku Harare nako, mayi wolemba mabuku Tsitsi Dangarembga anayambitsa chikondwerero cha mafilimu okamba za amayi.

Musaganize kuti zimenezi n'za anthu akunja okha. Bambo Shemu Joyah anatulutsa filimu ya Seasons of a Life mu 2008, ndipo Tapiwa Gwaza, amene anasewera m'menemo, analandira mphotho ku Nigeria mu 2010. Mu 2016 Mayi Joyce Mhango Chavula anapambana ku Lagos ndi filimu yawo yotchedwa Lilongwe, imene inaposa zonse za kummwera kwa Africa. Amenewa ndi mafilimu aatali, koma m'mera mpoyamba. Amene sanayesepo kusimba nkhani ya mphindi zisanu sangaithe ya maola awiri.

Kodi inu mungamuthandize bwanji mwana? Choyamba, mpatseni nkhani. Nkhokwe ya nkhani ndinu amayi: njala imene munaipirira, mtsikana amene anabwerera kusukulu atabereka, banki m'khonde imene inagulira mnzanu malata. Chachiwiri, mukumbutseni za mawu. Anthu amapirira chithunzi chosawala bwino, koma mawu osamveka amawathamangitsa. Asajambule pafupi ndi chigayo kapena pamphepo ya mwera, ndipo foni aigwire chogoneka. Chachitatu, ojambulidwa ayankhule Chichewa chathu chomwechi, koma m'munsi mwa zithunzi mulembedwe mawu a Chingerezi kuti oweruza akutali amve. Chachinayi, mpikisano uliwonse uli ndi tsiku lotsekera ndi malamulo ake. Ina imalandira ulere, ina imafuna ndalama yolembetsera. Musagulitse mbuzi musanafunse aphunzitsi kapena a bungwe la opanga mafilimu m'Malawi ngati mpikisanowo uli weniweni.

Pali chinanso chachikulu chimene sukulu singamuphunzitse, koma inu nokha. Chimenechi ndicho ulemu. Asajambule munthu asanapemphe, ndipo amuuze poyera kumene zithunzizo zikupita, pakuti zikalowa pa intaneti sizibwezeka. Ngati wojambulidwa ndi mwana, makolo ake avomere, makamaka polemba. Odwala ndi anamfedwa asawasandutse chionetsero. Za kudambwe ndi za kutsimba zili ndi eni ake, ndipo kamera iime pamene anamkungwi ndi mafumu anena kuti apa ndi polekezera. Pokajambula kutali asapite yekha, ndipo abwere dzuwa lisanalowe. Ntchito za pakhomo nazo zisagone, koma mugawane naye nthawi mwachilungamo monga muchitira ndi mlongo wake akapita kumpira.

Sindikukulonjezani kuti mwana aliyense adzakwera ndege kapena kubwera ndi ndalama. Mafilimu ambiri otumizidwa sasankhidwa, ndipo mwana akakanidwa adzafuna mayi womulimbitsa mtima. Koma ngakhale filimu yake isafike ku Zanzibar, mawu a agogo ake adzakhala atasungika kuti zidzukulu zidzawamve.

Ife pagulu lathu tagwirizana kuti mtsikana uja akamaliza, tidzakoleka nsalu yoyera pansi pa mlambe, ndipo oyamba kuonera tidzakhala ife eni nkhani. Nanunso kachiteni chimodzimodzi kwanuko.

Tsalani bwino, tidzachezanso sabata yamawa.