Turbo yafika msanga, luso likadali m'mbuyo

Kuyambira pa 1 December 2024, laisensi wamba siikwanira kuti munthu ayendetse galimoto yamphamvu zopitirira muyeso m'chigawo cha South Australia, m'dziko la Australia. Mwini galimoto yotere amayenera kuchita kaye maphunziro apadera kuti apatsidwe chiphaso cha gulu la U, ndipo ndi mlandu kuzimitsa dala zipangizo zomwe zimathandiza kuti galimotoyo isaterereke.

Lamuloli lidabwera potsatira imfa ya mtsikana wa zaka 15 yemwe adagundidwa ndi galimoto ya mtundu wa Lamborghini akuyenda m'mbali mwa msewu mumzinda wa Adelaide m'chaka cha 2019.

M'mwezi womwewo wa December 2024, nalo dziko la Italy lidasintha malamulo ake apamsewu. Kumeneko munthu amene wangotenga kumene laisensi amatha zaka zitatu asakuloledwa kuyendetsa galimoto yoposa makilowati 75 pa tani iliyonse ya kulemera kwake.

Wina akhoza kunena kuti izi ndi nkhani za anthu okhuta, popeza Lamborghini ndi yosowa m'misewu ya kuno. Koma nkhawa yomwe maiko awiriwa akulimbana nayo idafika kale m'dziko muno, kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe. Pakati pa galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Japan pamakhalanso zina za turbo monga Subaru Impreza WRX, zomwe achinyamata opeza bwino amazikonda kwambiri.

Galimoto zimenezi sizidapangidwe kuti zizinyamula matumba a chimanga. WRX komanso mdani wake Mitsubishi Lancer Evolution zidatuluka mu 1992, ndipo cholinga chidali mpikisano wa rally. Colin McRae wa ku Scotland adakhala katswiri wa dziko lonse mu 1995 akuyendetsa Impreza.

Chomwe chimapusitsa woyendetsa watsopano ndi kagwiridwe ntchito ka turbo. Kachipangizoka, komwe nzeru yake adayambitsa ndi Alfred Büchi wa ku Switzerland mu 1905, kamazungulira ndi utsi wotuluka mu injini, maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi, n'kumakankhira mpweya wambiri mu injinimo. Mpweya ukachuluka, petulo wopsa amachulukanso, ndipo injini yaing'ono imakoka ngati yaikulu.

Vuto ndi loti utsiwo umayenera uyambe wachuluka kuti turbo idzuke. Munthu akaponda moto, galimoto imayamba ngati yaulesi, iye n'kuwonjezera kuponda, kenaka mphamvu zonse zimabwera nthawi imodzi. Zikachitika pamsewu wowongoka, mtima umangodumpha basi. Zikachitika pakona kapena pamsewu wonyowa, galimoto imapita komwe yafuna. Porsche 911 Turbo yoyamba, ya mu 1975, idapatsidwa dzina loti yosiyitsa akazi umasiye kaamba ka khalidwe lomweli. Galimoto za masiku ano zidachepetsako vutoli, koma zambiri zomwe zimafika kuno zotsika mtengo ndi zakale.

Makampani a ku Japan ankadziwa chomwe akupanga. Kuchokera mu 1989 mpaka 2004 adagwirizana kuti asamalengeze galimoto yoposa makilowati 206, ndipo galimoto zogulitsidwa m'dzikomo amaziika kachipangizo koletsa kupitirira makilomita 180 pa ola. N'chifukwa chake wotchi ya liwiro ya galimoto zambiri zochokera ku Japan imathera pa 180.

Apa m'pamene pamayambira nkhani ya kusintha galimoto. Injini ya turbo ndi yosavuta kuiwonjezera mphamvu. Makaniko wodziwa kompyuta amalumikiza laputopu ku bongo wa injini, n'kusintha malamulo omwe bongowo umatsatira kuti turbo izikankha mpweya wochuluka. Ntchitoyi imatha tsiku lomwelo. Ena amachotsa choletsa liwiro chija, ena amaika paipi ya utsi yaikulu, yomwe phokoso lake limadzutsa mudzi wonse usiku, ena amadula masipuling'i kuti galimoto ikhale pansi, ngakhale kuti idzakumana ndi mahampu ndi maenje a m'misewu yathu.

Zomwe zimatsalira m'mbuyo ndi zija zosamveka phokoso: mabuleki, matayala ndi mashokapu. Matayala abwino anayi ndi okwera mtengo kuposa paipi yaphokoso, ndipo palibe mnzako amene angakuyamikire pamalo omwera chifukwa wasintha mafuta a mabuleki. Komatu galimoto yonse imakhudza msewu pa timalo tinayi tokha, kalikonse kofanana ndi chikhatho cha munthu.

Eni ma Subaru amadalira kwambiri zoti galimoto zawo zimakoka ndi matayala onse anayi. N'zoona kuti izi zimathandiza ponyamuka, ngakhale pamatope. Koma poima sizithandiza kanthu, chifukwa galimoto iliyonse, ngakhale Toyota Vitz, imagwira mabuleki ndi matayala anayi. Choncho WRX imafika msanga pa liwiro la mtondowadooka woyendetsa akumva ngati zonse zili bwino, koma ikafuna kuima imamvera masamu omwewo: liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Pa makilomita 180 pa ola, galimoto imayenda mamita 50 pa sekondi imodzi, theka la bwalo la mpira, phazi lisadafike n'komwe pa buleki.

Ngakhale injiniyo imalipira. Galimoto zamtunduwu zidapangidwira petulo wapamwamba wa ku Japan. Mpweya ukawonjezeredwa mopanda muyeso pa petulo wosagwirizana nawo, mafuta amaphulika nthawi isadakwane ndipo mapisitoni amasweka. Koma kumeneko n'kuluza kwa mwini yekha.

Kuluza kwa ena kuli pamsewu. Malingana ndi lipoti la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO la mu 2023, ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka, ndipo ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Bungweli limatinso munthu woyenda pansi akagundidwa ndi galimoto yothamanga makilomita 65 pa ola, chiopsezo choti amwalira chimakhala choposa kanayi poyerekeza ndi pa makilomita 50. Msewu wa M1 umadutsa pakati pa misika monga Lizulu ndi Chimbiya, pomwe ogulitsa mbatatesi, ana asukulu, akabaza ndi mbuzi amagawana phula lomwelo.

Kodi yankho ndi kuphunzitsa achinyamatawa kuyendetsa ngati a mpikisano? Zomwe zidachitika ku Norway zimachenjeza. Dzikolo litalamula kuti oyendetsa atsopano aziphunzira kuwongola galimoto yoterereka, kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1980 adapeza kuti ngozi za anyamata pamisewu yoterera zidakwera m'malo motsika. Maphunziro a maola ochepa adawapatsa kudzikhulupirira koposa luso lomwe adatola.

Ichi n'chifukwa chake maiko ena adasankha kudikiritsa munthu. M'chigawo cha Victoria ku Australia, woyendetsa amene akadali pa laisensi yoyeserera saloledwa kugwira galimoto yoposa makilowati 130 pa tani, kapena yomwe injini yake idasinthidwa kuti ikhale ndi mphamvu zambiri. Ganizo lake ndi loti kuwerenga msewu, monga kuona kuti njinga ili kutsogolo ikhoza kukhota mosapereka chizindikiro, kumabwera ndi zaka zoyendetsa.

Kuno kwathu, laisensi ya Code B imayang'ana kulemera kwa galimoto, osapitirira makilogalamu 3,500. Amene wakhoza mayeso Lachisanu pa kagalimoto ka sukulu yophunzitsa kuyendetsa akhoza kukwera WRX Loweruka. Nawo akuluakulu a nthambi yoona zapamsewu ya DRTSS akamayeza galimoto kuti aipatse COF akhoza kuona tayala lakutha kapena nyale yosayaka, koma zomwe zasinthidwa mu bongo wa injini sizioneka ndi maso.

Kunena zoona, galimoto za turbo zothamangazi ndi zochepa poyerekeza ndi maminibasi, malole ndi njinga zamoto zomwe zili m'misewu yathu, ndipo aphungu akhoza kunena kuti ali ndi mavuto aakulu oti ayambe nawo. Komabe lamulo la mtundu wa Victoria silifuna makina odula. Mphamvu ndi kulemera kwa galimoto iliyonse zidalembedwa kale ndi kampani yomwe idaipanga, ndipo tsiku lomwe munthu adatenga laisensi lili m'makompyuta a DRTSS. WRX STI ya makilowati 206 yolemera pafupifupi tani imodzi ndi theka imadutsa kale malire a 130 aja makaniko asadaigwire.