Musaseke chipanda cha ku Yofu

Pali kachizolowezi kena pakati pa ife anthu a m'tauni kamene kandifika pakhosi. Munthu akatumidwa ndi ofesi yake ku chilumba cha Likoma, kaya ndi ku semina kaya kukayendera sukulu, amabwerako ndi nkhani imodzi yokha: mowa. Za tchalitchi chachikulu cha St Peter's chija, chimene amishoni a UMCA adayamba kumanga mu 1903, amangodutsapo ndi mawu awiri. Koma akafika pa mowa, ha, amakhazikika bwino pampando nkuyamba kuseketsa anzake. Ati Green wa kumeneko ngotentha ngati tiyi. Ati mtengo wake ngoboola m'thumba. Ati ukapita kumidzi ngati ku Yofu upeza anthu akumwabe masese m'zipanda ngati nthawi ya atsamunda. Onse patebulo nkufa nacho chiseko, ngakhale ena mwa iwo nyanja adangoionera pa kalendala.

Ine chiseko chimenechi ndikuchikana.

Tiyambe ndi botolo lotenthalo. Kodi inu oseka mudalitsatirapo ulendo wake? Green amafululidwa mu Blantyre, ku fakitale imene idatsegulidwa mu 1968, yoyamba ya Carlsberg kunja kwa Denmark. Kuchoka kumeneko kreti imakwera lole mpaka ku doko, kaya ku Monkey Bay kaya ku Nkhata Bay. Kenaka idikire sitima. Ilala, nkhalamba imene idayamba kuyenda panyanjapa mu 1951, kwa zaka zambiri inkaima patali ndi gombe la Likoma, katundu ndi anthu nkumatsitsidwira m'timaboti, ena nkumalizira ulendo m'madzi ofika m'chiuno kreti ili pamutu. Ikafika ku Mbamba ulendo sunathe, chifukwa Yofu ali cha kumpoto kwa chilumbachi, ndipo wonyamula naye afuna yake. Mabotolo akatha, abwerere njira yomweyo. Nanga mwera ukavuta, kapena sitima ikapita kokakonzedwa? Za magetsi musachite kufunsa: kwa nthawi yaitali ankachokera ku majenereta a dizilo ndipo usiku ankazimitsidwa. Ndiye munthu wadutsa m'minga yonseyi kuti akupatseni botolo lanu, inu nkumati, "Bwanji silikuzizira?" Abale, manyazi adapita kuti?

Ine ku Yofu ndidafikako, ndipo sindikunena za m'maluwa ngati kandimverere. Bala limene ndidalowamo lilibe dzina, lilibe chikwangwani, ndipo kunena zoona lilibenso khomo. Ndi mthunzi wa mlambe, mpanda wa bango mbali ziwiri, mbali yachitatu nyanja. Mipando yake ndi bwato lakale lolitembenuza chafufumimba ndi mitengo iwiri yogoneka pa miyala. Pathunthu la mlambewo adakhomapo wotchi imene idaima kalekale, ndipo nditafunsa, mkulu wina amene ankasoka chilimira adati iwo nthawi amaiwerengera ku nyali za asodzi zikayamba kuyaka panyanja, wotchiyo njokometsera chabe. Firiji ya pamenepo ndi thumba la saka lomangidwa ndi chingwe nkuliponya m'madzi. Ukaitanitsa botolo, mnyamata amakoka chingwecho ngati wakola kampango.

Mwini malo ndi mayi wachikulire ndithu. Adandiyang'ana nsapato, nkundifunsa, "Bambo, mumwa wa m'botolo kapena wathu?"

"Ndiyambe ndi wanuwo, mayi."

Adavundukula mbiya, nkutunga ndi chipanda, nkuyamba alawa okha monga mwa mwambo, kenaka nkundipatsira ndi manja awiri. Mowawo udali wa tsiku lake lenileni: wowawasa pang'ono poyamba, kenaka kukoma kwa chimera nkubwera pambuyo, ndi kafungo ka utsi wa nkhuni kotsalira m'kamwa. Wolemera, woti chipanda chimodzi chimagwira m'mimba ngati wadya. Pambali padali usipa wowotcha ndi mchere. Pambuyo pake ndidaitanitsa Green wa m'saka uja, ndipo sadali wotentha ngati tiyi ayi, adali wozizira monga momwe nyanja imazizirira madzulo. Koma atabwera pambuyo pa chipanda chija, adangokhala ngati madzi a m'botolo ovala tayi.

Chimene chidandigwira mtima si kukoma kokha. Mayiwo ali ndi kope la sukulu lolembamo ngongole. Msodzi akabwerako chimanjamanja amamwa, dzina nkulembedwa. Tsiku limene utaka wagwidwa amabweza, nthawi zina ndi ndalama, nthawi zina ndi nsomba. Chimera adati amachigula kwa amalonda ochokera kutsidya, ku Cobue. Nkhuni amagula kwa mnansi, madzi amatunga ndi atsikana a pamudzipo nkuwalipira. Kobiri lililonse la chipanda chija limazungulira pomwepo, ndipo iwo adandiuza mosanyada kuti ana awo adaphunzira ndi mbiya imeneyo. Tsono yerekezani ndi ndalama ya botolo. Pang'ono itsala kwa mayiwo, ina kwa wonyamula, ina kwa eni sitima, yambiri nkukwera lole kubwerera ku Blantyre, ndipo kuchokera mu 2016, pamene kampani ya ku France ya Castel idagula gawo lalikulu la fakitale ija, mukudziwa nokha kumene phindu limathera. Pa chilumba chaching'ono, chamiyala, chimene ngakhale chimanga chimachita kubwera pa boti, kusiyana kumeneku si nkhani yoseketsa.

Nanga manyazi amene timachita ndi chipanda adachokera kuti? Sitidabadwe nawo. Adatiphunzitsa. M'maiko a atsamunda kuno kummwera mowa wa m'botolo udali wa azungu, ndipo munthu wakuda ku South Africa adaloledwa kuugula mwalamulo mu 1962 mokha. Chinthu akakumana kwa nthawi yaitali umayamba kuchiona ngati cha kumwamba. Komanso mowa wathu womwewo sadausiye m'manja mwa amayi. Ku Durban khonsolo idadzitengera yokha mphamvu zofulula ndi kugulitsa mowa wachikuda m'maholo ake, amayi ofulula kunyumba nkusanduka zigawenga zothamangitsidwa ndi apolisi, mpaka mu 1959 amayi a ku Cato Manor adatopa nkukalowa m'maholomo ndi zibonga. Njira imeneyi idafalikira ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku migodi, kumene agogo athu ambiri, kuphatikizapo ana a Likoma ophunzira ku mishoni amene ankalembedwa ukalaliki, adakagwira ntchito. Adabwerako ndi masutikesi, njinga ndi magalamafoni, komanso ndi maganizo akuti njonda imamwa za m'botolo. Ife zidzukulu tavala maganizo omwewo ngati jekete la kaunjika, osafunsa mwini wake adali yani.

Chinyengo chathu chimaonekera poyera pa Chibuku. Kodi Chibuku nchiyani? Si masese omwewa? Adayambira ku migodi ya ku Zambia, kumene mzungu wina, Max Heinrich, adaphunzira kafululidwe ka makolo athu nkumalemba m'buku, ndiye dzinalo. Atauthira m'paketi, mowa uja udasanduka bizinesi yolemekezeka, ya magalimoto ndi zikwangwani. Koma mayi wa ku Yofu akafulula womwewo m'mbiya, timati ndi umbuli. Iyenso ali nalo buku lake, kungoti ndi la ngongole.

Ndikudziwa chimene ena mukukonzeka kundiponyera: kachasu. Mukuti ndikukometsa uchidakwa pamene mabanja akupasuka ndipo anyamata akutupa masaya. Mfundoyo ndi yoona ndipo sindiithawa. M'midzi ya asodzi mowa wawononga anthu, ndalama ya usiku wonse panyanja nkutha dzuwa lisanafike pamutu, ana kunyumba akulira njala. Kachasu wotchezedwa mosasamala wapha ndi kuchititsa khungu. Koma tisasakanize mbuzi ndi nkhosa. Masese ndi mowa wofatsa, wa nthawi yochepa, woti sungaubise m'thumba nkukalowa nawo m'kalasi. Chimene chidalowa m'matumba a ana a sukulu m'dziko muno mpaka boma kuchiletsa chidali masacheti, ndipo masachetiwo sadachokere m'mbiya ya mayi aliyense. Adachokera m'mafakitale a m'tauni, okhala ndi ziphaso, olipira msonkho, a mabwana ovala masuti. Pamenepo oseka aja adali chete, mwina chifukwa pulasitiki imaoneka yachitukuko.

Ukaima pagombe la Likoma mapiri a Mozambique amaoneka ngati ungawakhudze, paja chilumbachi chazunguliridwa ndi madzi a dzikolo. Anzathu amenewa mu 2011 adayamba kufulula mowa wa m'botolo wotchedwa Impala kuchokera ku chinangwa cha alimi ang'onoang'ono a ku Nampula, ndipo boma lawo lidautsitsira msonkho kuti ukhale wotsika mtengo. Sindikuti kumeneko zonse zili bwino, kampaniyo nayo ndi ya anthu akunja. Koma adaganizako kuti chimene mlimi wawo amalima chingalowe m'botolo. Ife chinangwa chili mbwee kuyambira ku Nkhotakota, Nkhata Bay mpaka ku Likoma komweko, anthu akudya kondowole tsiku ndi tsiku, koma tikamakamba za mowa wa dziko lino timaloza chizindikiro cha ku Copenhagen nkumadziguguda pachifuwa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, adatero akuluakulu, koma ife timasirira wa pamphuno pa mnzathu.

Likoma lidakhala boma palokha mu 1999, ndipo lili ndi khonsolo yake. Chimene ndikupempha sichofuna thandizo la kunja. Amayi ofulula masese apatsidwe ziphaso zotsika mtengo zowasiyanitsa ndi otcheza kachasu wa chinyengo, alangizi a zaumoyo aziwayendera kuona madzi ndi ziwiya m'malo mongowaopseza, ndipo eni malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, amene amatengera azungu awo kukaonera malipenga ndi tchalitchi, aziwafikitsanso pansi pa milambe ngati uja, alipire chipanda pa mtengo wake. Ndipo inu a alawansi, ulendo wina ofesi ikakutumani ku chilumba, mayi akakufunsani kuti wa m'botolo kapena wathu, yambani mwalawa musanatsegule pakamwa.