Zimphona Zisanu ndi Ziwiri Pabenchi: Kodi Chikho Chimatseka Mlandu?

Usiku wa pa 28 Okutobala 2023, m'bwalo la Stade de France kufupi ndi mzinda wa Paris, timu ya rugby ya dziko la South Africa, yodziwika ndi dzina lakuti Springboks, idagonjetsa New Zealand ndi mapointi 12 kwa 11, nitenga chikho cha dziko lonse kachinayi. Sabata ya m'mbuyo mwake idapambana England 16 kwa 15, ndipo sabata inanso ya m'mbuyo idapambana France 29 kwa 28. Munthu akadayesa kuti chikho chitafika kwawo mikangano ya ochemerera idazirala, koma ndi pamene idakolera.

Mbali imodzi imati Rassie Erasmus ndi Jacques Nienaber, amene ankatsogolera timuyo, adaononga masewero okongola powasandutsa nkhondo ya nkhunzi: kudzaza benchi ndi zimphona, kutchinga mwaukali, kumenyera mpira m'mwamba, kenaka kudikira kuti mdani alakwe. Mbali inayo imangoloza chikho nkunena kuti mlandu udatha. Onsewa akuthawa ntchito yoganiza, ndipo amene akuithawa kwambiri ndi oloza chikhowo, ngakhale kuti masankhidwe amene akuwaikira kumbuyo adali anzeru ndithu.

Popeza ambiri mwa owerenga tsamba lino adakulira mpira wamiyendo, nkofunika kuti kamangidwe ka timu ya rugby kayambe kamveka. M'bwalo mumalowa osewera 15. Asanu ndi atatu ndi amuna ojintcha, otchedwa ma forwards, amene ntchito yawo ndi kukankhana pa scrum, kudumphira mpira woponyedwa kuchokera kunja kwa mzere, ndi kulimbirana mpira ukagwa pansi. Asanu ndi awiri otsalawo ndi othamanga, otchedwa ma backs. Pabenchi pamakhala ena 8, ndipo lamulo limangonena kuti atatu mwa iwo akhale odziwa kusewera mzere woyamba wa scrum, pakuti pamalo amenewo munthu wosaphunzira akhoza kuthyoka khosi. Asanu enawo mphunzitsi amasankha monga momwe afunira. Kwa zaka zambiri mwambo udali wakuti pabenchi pakhale ojintcha 5 ndi othamanga 3, ndipo panalibe amene ankafunsa chifukwa chake.

Tsono katchingidwe. Njira yachikale ndi yakuti otchinga amasendera cham'mbali, kumka nakankhira adani ku mzere wa m'mphepete mwa bwalo, kufikira wonyamula mpira atasowa kolowera. Ndi njira yosamala, koma imapatsa mdani nthawi yoyang'ana ndi kuganiza. Nienaber, amene adalowa m'masewerowa monga katswiri wowongola minofu ya osewera ovulala, adakana kupereka nthawi imeneyo. Mwa njira yake, mpira ukangotuluka pamulu wa olimbirana, mzere wonse wa otchinga umathamangira kutsogolo nthawi imodzi, ndipo amene ali kumapeto amathamanga kuposa anzawo nakhotera m'kati, monga momwe asodzi amatsekera khoka. Wosewera wa adani amene waima kumphepete amasiyidwa yekha mwadala, pokhulupirira kuti mpira sufika kwa iye, popeza mnzake wompatsira agwetsedwa asanauponye. Odziwa mpira wamiyendo akumbukire msampha wa ofusayidi: ukagwira, mdani amaoneka wopusa, munthu mmodzi akachedwa ndi phazi limodzi, wopusa amakhala wotchera msamphayo.

Njirayi sadaiyambe ndi a ku South Africa okha ayi. Shaun Edwards, Mngelezi, adaigwiritsa ntchito ku kalabu ya Wasps ndiponso ku Wales, ndipo mu 2008 Wales idatenga mpikisano wa Six Nations italola adani kugoletsa ma try awiri okha m'masewero asanu. Try ndiko kukagunda mpira pansi kuseri kwa mzere wa adani, ndipo imabala mapointi 5. Chimene Nienaber adachita ndicho kukoka njirayo kufikira pamapeto pake penipeni.

Walira mvula walira matope. Mu Seputembala 2018, ku Wellington, Springboks idapambana New Zealand 36 kwa 34, patangopita chaka chimodzi chigonjereni kwa timu yomweyo 57 kwa 0 ku Albany. Tsiku limenelo osewera a South Africa adagwetsa adani koposa ka 200, komabe adabooledwa kasanu ndi kamodzi. Mpira ukadutsa pamwamba pa khoka lija, ochemerera amatukwana wosewera wa kumphepete kuti wasiya malo ake, osadziwa kuti mnyamatayo wachita zimene adamulamula. Ichi ndi cholakwa choyamba cha mikangano yambiri ya ochemerera: kuweruza munthu mmodzi pa chinthu chimene timu yonse idapangana.

Cholakwa chachiwiri nchachikulu koposa, ndicho kukamba za benchi padera ndi za katchingidwe padera, ngati kuti ndi nkhani ziwiri. Mwamuna wolemera makilogalamu 120 sangathe kuthamangira kutsogolo, kugwetsa mnzake wolemera chimodzimodzi, kudzuka, kubwerera pamzere ndi kuthamanganso, mobwerezabwereza kwa mphindi 80. Ikamakwana mphindi ya 50 miyendo imayamba kulemera, ndipo iye akangotsalira pang'ono pamzere, pamenepo ndiye pakhomo pa mdani. Wotchinga mwachikale akatopa amapezabe mpata wobisala. Wotchinga mothamangira kutsogolo alibe pobisala. Kotero amene wasankha katchingidwe kotere wasankhiratu benchi yodzaza ndi ojintcha, afune asafune. Ku Japan mu 2019 Erasmus adaika ojintcha 6 ndi othamanga 2, gulu limene lidapatsidwa dzina lakuti Bomb Squad, ndipo pa masewero omaliza ku Yokohama scrum ya England idaphwanyika, Springboks nipambana 32 kwa 12.

Chachisanu ndi chiwiricho chidabwera mwangozi. Pa 25 Ogasiti 2023, ku Twickenham, Willie le Roux adachotsedwa pabenchi masewero atatsala pang'ono kuyamba, ndipo malo ake adapatsidwa kwa Kwagga Smith, wa gulu la ojintcha ngakhale kuti ndi waliwiro. Gawo lachiwiri litangoyamba kumene, ojintcha asanu ndi awiri adalowa nthawi imodzi. New Zealand idagonja 35 kwa 7. Oyamikira njirayi amaiwala kutchula kuti Scott Barrett adatulutsidwa m'bwalo gawo loyamba lisanathe, kotero New Zealand idasewera nthawi yaitali ndi anthu 14. Oinyoza nawonso ali ndi tsiku lawo limene amalikonda, 23 Seputembala 2023, pamene South Africa idaikanso asanu ndi awiri pabenchi nigonja kwa Ireland 13 kwa 8. Iwowa amaiwala kuti tsiku limenelo Manie Libbok ndi Faf de Klerk adaphonya mipira inayi yolunjika pamitengo, imene ikadabala mapointi 11. Benchi idachita mbali yake. Chimene chidasowa ndi phazi lolunjika.

Apa mpamene pali nkhani ya Handré Pollard, imene idagawa ochemerera kuposa ina iliyonse. Libbok ndi wosewera wosangalatsa kumuona, woponya mipira yaitali ndi wodziwa kutsegula njira pamene ena saona njira. Pollard ndi wofatsa, wosachititsa chidwi, koma phazi lake silinjenjemera. Iye adasiyidwa pa gulu loyamba la osewera 33 chifukwa chovulala. Malcolm Marx, mmodzi mwa akatswiri awiri okha a pakati pa mzere woyamba wa scrum, atavulala bondo pokonzekera, aphunzitsi sadaitane katswiri wina wa malo omwewo, adaitana Pollard. Kumeneku kudali kutchova njuga poyera, ndipo amene adadandaula nthawi imeneyo sadali opusa. Komatu timu imene imadalira scrum ndi kutchinga imakolola mapenate, ndipo penate yopanda woimenya ili ngati chimanga chosiyidwa m'munda. Pa masewero ndi England, mvula ikugwa, Libbok adatulutsidwa patangopita mphindi pafupifupi 30, chinthu chowawa kwa mnyamata pamaso pa dziko lonse. South Africa idali m'mbuyo 15 kwa 6 kufikira chakumapeto. Ox Nche ndi Vincent Koch, olowa kuchokera pabenchi, adapinda scrum ya England. RG Snyman, wochokeranso pabenchi, adagoletsa try. Ndipo kutatsala mphindi ziwiri Pollard adamenya penate kuchokera pafupi ndi pakati pa bwalo. Ndipo pa masewero amenewa, monganso pa aja a France, benchi idali yachikale, ojintcha 5 ndi othamanga 3. Amene amati Erasmus ndi Nienaber adali akapolo a njira imodzi sadawerenge mndandanda wa osewera.

Nanga masewero omaliza aja akutsimikiza chiyani? Aphunzitsi adabwerera ku 7 ndi 1, le Roux yekha ndiye wothamanga pabenchi. Panalibe wolowa m'malo mwa de Klerk, amene amatola mpira pamulu uliwonse. Akadavulala, Cheslin Kolbe wa kumphepete ndiye akadagwira ntchitoyo. Chakudza sichiimba ng'oma: mphindi zisanu zisanathe Bongi Mbonambi adavulala bondo, ndipo Deon Fourie, wa zaka 37, amene zaka zambiri ankasewera malo ena, adanyamula udindo wa Marx uja pafupifupi masewero onse. Sam Cane, mtsogoleri wa New Zealand, adapatsidwa khadi lofiira gawo loyamba. Pollard adamenya mapenate anayi, onse m'gawo loyamba, ndipo m'gawo lachiwiri South Africa sidapeze pointi ndi imodzi yomwe, ikusewera ndi anthu 14 a New Zealand. Pieter-Steph du Toit adagwetsa adani ka 28, ntchito imene idzakumbukika kwa nthawi yaitali. Koma Beauden Barrett adagoletsa try, Richie Mo'unga naphonya mapointi awiri owonjezera. Kenaka, kutatsala mphindi zosakwana 10, Kolbe atatulutsidwa ndi khadi lachikasu, Jordie Barrett adamenya penate yakutali imene idadutsa pambali pa mtengo. Umodzi mwa mipira iwiriyo ukadalowa, anthu omwewo amene lero akuti Erasmus ndi mfiti ya masewero akadanena kuti ndi wodzikuza amene adataya chikho chifukwa cha njuga. Masankhidwe akadakhala omwewo, osewera omwewo, maganizo omwewo. Mphunzitsi wa masamu amadziwa chifukwa chake amafuna kuona njira yonse papepala, pakuti yankho lolondola limatha kubwera mwamwayi.

Chimene chikuikira kumbuyo masankhidwe aja ndi chakuti mbali zake zidali zogwirizana: katchingidwe kofuna miyendo yatsopano, benchi yopereka miyendoyo, scrum yobala mapenate, ndi munthu wowamenya. Ndiponso ena adaona nzeruyo naitengera. Mu Malichi 2025, ku Dublin, France idaika ojintcha asanu ndi awiri pabenchi. Choopsa chija chidachitikadi: Antoine Dupont adavulala bondo, wothamanga yekhayo wa pabenchi nalowa, kenaka wothamanga wina adatuluka, ndipo Oscar Jegou wa gulu la ojintcha adakasewera pakati pa othamanga. France idapambana Ireland 42 kwa 27. Koma naponso wina asathamangire kunena kuti mlandu watha. Mu Ogasiti 2025, ku Ellis Park, Springboks idatsogola 22 kwa 0, kenaka Australia idapeza njira yodutsira pamwamba ndi pambali pa khoka lija nipambana 38 kwa 22. Patapita mwezi umodzi Springboks yomweyo idakwapula New Zealand 43 kwa 10 ku Wellington, ikuthamanga ndi mpira m'manja mwa njira imene odandaula za kukongola adakhala akuipempha.

Dandaulo la kukongola nlopepuka, pakuti kugwetsa munthu mwaluso nakonso nkokongola kwa amene adaphunzira kukuona. Dandaulo lolemera ndi lina, ndipo ochemerera salikamba mokwanira. Benchi idakhazikitsidwa poyamba kuti wovulala apeze womulowa m'malo. Tsopano yasanduka chida. Pamene zimphona zisanu ndi ziwiri zopumula zilowa kudzagundana ndi anthu amene athamanga kale mphindi 50, mutu ndi khosi la wotopayo zili pangozi yaikulu, ndipo masewerowa ali kale ndi milandu ya osewera akale amene akudwala matenda a ubongo. Matt Williams, amene adaphunzitsapo timu ya Scotland, adadzudzula njirayi poyera mu 2023 pa zifukwa zotere, ndipo ambiri adangomuseka osamuyankha. Koma mlandu umenewu si wa Erasmus, amene ntchito yake ndi kupambana m'kati mwa malamulo amene adawapeza. Ngwa bungwe la World Rugby, limene lili ndi mphamvu yochepetsa chiwerengero cha olowa m'malo ngati litaona kuti nkoyenera.

Palinso za kusiyana mphamvu kwa maiko. Kuika ojintcha asanu ndi awiri pabenchi kumafuna dziko lokhala ndi ojintcha 15 a msinkhu wa dziko lonse, ndipo maiko otere ngowerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Mu Julayi 2025, ku Kampala, Zimbabwe idagonjetsa Namibia 30 kwa 28 nipeza malo pa chikho cha dziko lonse cha 2027 ku Australia, koyamba chiyambire 1991. Anyamata amenewo akhoza kulimba mphindi 50 pamaso pa timu yaikulu, ochemerera awo nayamba kulota. Ndiye adzaona anthu asanu ndi awiri akuvula majekete pambali pa bwalo.