Chimbale cha ng'ombe ndi anyamata a m'malire

Mu April 1993, pamene anthu a ku Tsangano ndi ku Macanga anali kubwerera kwao kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, gulu loimba la ku America lotchedwa Aerosmith linatulutsa chimbale cha Get a Grip. Pachikuto pake pali bere la ng'ombe lobooledwa ndi ndolo. Mlimi wa ku Tsangano, amene ng'ombe ndi ngolo ndizo chuma chake, akanaona chithunzicho akanangopukusa mutu. Ngakhale ku America komweko oteteza ziweto anadandaula, mpaka oimbawo anafotokoza kuti chithunzicho chinakonzedwa pa kompyuta.

Koma nkhani yeni-yeni ya chimbalechi siili pachikuto ai.

Gululi linayamba mu 1970 mu mzinda wa Boston, ndipo linatchuka msanga. Ndalama zitachuluka, woimba Steven Tyler ndi woimba gitala Joe Perry analowerera mu mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Zotsatira zake zinali mikangano. Perry anachoka mu 1979, mnzake Brad Whitford anatsatira mu 1981, ndipo Tyler anafika pomagwa pa nsanja anthu akuonerera. Zimbale zinasiya kuyenda malonda.

Anthuwa anagwirizananso mu 1984, koma zinthu sizinasinthe mpaka mu 1986 pamene Tyler anavomera kukalandira chithandizo, anzake nkutsatira. Apo mpamene gululi linadzuka. Get a Grip, dzina lomwe lili ngati kuuza munthu kuti adzigwire, ndicho chimbale chao choyamba kufika pa nambala 1 ku America, ndipo chinagulidwa makope oposa 20 miliyoni pa dziko lonse. Nyimbo ya Amazing, imene ili momwemo, ikukamba za munthu wotuluka m'dzenje la mankhwalawa.

Nanga izi zikukhudza bwanji mudzi wa ku Furancungo kapena wa m'malire a Ntcheu? Masiku ano nyimbo zachizungu zikulira m'mafoni a anyamata pa msika uli wonse. Pamodzi ndi nyimbozo pakuyenda bodza lakuti luso limachokera mu chamba ndi kachasu, kuti woimba sangakhudze gitala asanalawe. Mnyamata akagulitsa mbatata ya kachewere kapena fodya, ndalama ya chaka chathunthu imathera pa botolo, ati akutsanzira anthu otchuka.

Mbiri ya Aerosmith ikutsutsa bodza limeneli. Mankhwala anapasula gulu, ndipo chimbale chimene chinagulidwa koposa zonse anachijambula ali bwino-bwino, atasiya.

Makolo ena amaganiza kuti mankhwala a vutoli ndi kuphwanya wailesi kapena kulanda foni. Kutero nkulimbana ndi utsi moto uli pansi. Chofunika nkukhala pansi ndi mwana, kumuuza zoona, ndi kupita naye ku chipatala zikavuta. Tyler naye sanasiye yekha: anzake ndiwo anamukakamiza.

Ndiponso nkhondoyi siitha tsiku limodzi. Mu 2022, Tyler ali ndi zaka 74, anabwereranso kukalandira chithandizo chifukwa cha mankhwala opha ululu amene anamwa atachitidwa opaleshoni ya phazi. Choncho mnyamata amene wasiya mowa nkuterereka asatayidwe. Mafumu, mipingo ndi makolo amugwire dzanja kachiwiri, ngakhale kachitatu.