Laibulale Yoyendayenda: Ndani Ayenera Kuyeza Phindu Lake?

Laibulale yoyendayenda ikafika pasukulu, m'kaundula mumalembedwa tsiku, mabuku obwerekedwa ndi mabuku obwezedwa. Malipoti opita kulikulu ndi kwa abwenzi othandiza amachokera m'kaundulamo. Komatu buku likhoza kulembedwa kuti labwerekedwa, kenaka n'kugona m'kabati ya mphunzitsi wamkulu teremu yonse, mwana osaligwira n'komwe, chifukwa aphunzitsi akuopa kulipitsidwa likang'ambika. Popeza mabuku ndi mafuta a galimoto zimagulidwa ndi ndalama za msonkho ndi za thandizo, mlimi ndi wamalonda ayenera kudziwa ngati ndalamazo zikupindulira mwana wawo.

Kunyamulira ana mabuku si kwachilendo mu Africa muno. Ku Zimbabwe, bungwe la Rural Libraries and Resources Development Programme, lomwe linakhazikitsidwa mu 1990, linayamba mu 1995 kuyendetsa mabuku pa ngolo zokokedwa ndi abulu m'boma la Nkayi, kumene mchenga umatitimiritsa galimoto. Ku Garissa, m'dziko la Kenya, ngamila zinayamba kusenza mabokosi a mabuku mu 1996. Kuno kwathu, udindo wofikitsa mabuku kwa anthu uli m'manja mwa National Library Service, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967. Chonyamulira chimasiyana, koma funso ndi limodzi: mabuku akafika, akuwerengedwa kodi?

Njira ina yoyankhira funsoli ndi kafukufuku wochita ndi eni ake. Maziko ake anayalidwa ndi Kurt Lewin m'zaka za m'ma 1940, ndipo Orlando Fals Borda anaikuza pogwira ntchito ndi alimi a ku Colombia m'zaka za m'ma 1970. Mlendo sabwera ndi mafunso olembalemba n'kubwerera kutauni ndi mayankho. Ana, aphunzitsi, komiti ya sukulu, gulu la amayi ndi woyendetsa laibulale amakhala pansi, amatchula vuto, amagwirizana chosintha chimodzi, amachiyesa kwa teremu, n'kukumananso kuti aone chatulukapo. Akatero amayambanso.

Tiyerekeze sukulu imene ana ake ambiri sapezeka tsiku la laibulale. Kaundula angangoonetsa kuti obwereka ndi ochepa, ndipo wina muofesi angaganize kuti anthu a kumeneko alibe chidwi ndi kuwerenga, n'kuichotsa sukuluyo pamndandanda. Koma makolo akudziwa kuti tsikulo ndi lamsika, ndipo ana okulirapo amathandiza kusenza katundu. Akudziwanso kuti mu Januwale ndi Febuluwale mtsinje umadzaza, kupalira kuli mkati, ndipo m'nkhokwe mulibe kanthu. Kusuntha tsiku la ulendo, kapena kusiya bokosi lalikulu la mabuku mvula isanayambe, sikulira ndalama zambiri. Chimodzimodzi nkhani ya chinenero: mabuku ambiri opatsidwa kuchokera kunja ndi a Chingerezi, pamene mwana wa Sitandade 2 akungoyamba kulumikiza maphatikizo a Chichewa. Wodziwa buku limene limalimbiranidwa ndi limene limabwerera lili chitsekere ndi mwana mwini wake.

Njirayi ili ndi zofooka, ndipo tisazibise. Pamsonkhano pamene pali a mfumu ndi a hedi, mwana sangayerekeze kunena kuti mabuku amatsekeredwa. Kwathu kuno kutsutsa wamkulu pagulu ndi mwano. Choncho ana azikambirana paokha, atsikana kwina, anyamata kwina, ndipo ang'onoang'ono akhoza kuvota poika timiyala pa buku limene alikonda. Nthawi ya mlimi nayonso ndi yodula: msonkhano woitanidwa nyengo yodzala udzangodzadza ndi okhala pafupi ndi sukulu ndi oyembekezera alawansi. Kuonjezera apo, zopezeka pasukulu imodzi siziyimira boma lonse, kotero kaundula ndi mayeso a kawerengedwe ka ana sizingatayidwe. Ziyende limodzi ndi mawu a eni ake.

Chovuta kwambiri chili kwa oyendetsa ntchitoyi. Anthu akafunsidwa kawiri, n'kuona kuti tsiku la ulendo silinasunthe ndipo mabuku ndi omwe aja, ulendo wachitatu sabwera. Choncho musanaitanitse msonkhano woyamba, zidziwike zimene sukulu ingasinthe payokha, monga kulola ana kupita ndi mabuku kunyumba, ndi zimene ziyenera kudikira chilolezo cha ofesi ya maphunziro paboma, komanso tsiku limene yankho lake lidzabwere.